Ndinayenda mzinda wonse kusakasaka zidakwa zinzanga

Amayi anga amagulitsa usipa ndi matemba mumsika wa Ndirande. Ambiri a inu amene mukuwerenga nyuzi ino mutakhala pa benchi kudikira makasitomala mwina munawagulako, kapena munabwerekanapo nawo chenji. Dzina lawo sinditchula, manyazi amene ndinawapatsa ndi okwana kale. Ine ndine mwana wawo wachiwiri, uja ankanyadira kuti amalemba nkhani m'manyuzi, ndipo ndine yemwe ndinawabera mpamba wawo wonse mu Ogasiti 2023.

Zinali K210,000, zomangidwa m'kansalu, zili m'chitini pansi pa bedi. Ankafuna kukapikulira nsomba m'mawa mwake. Ine ndinati ndingotapako pang'ono zochotsera matsire, ndibweza akandilipira nkhani yanga ina. Nditatsegula chitinicho ndinaona kuti kutapa pang'ono ndi kutenga zonse mlandu wake ndi umodzi, basi ndinanyamula. Ndinayambira pa Chinseu, tsiku lachiwiri ndinali ku Kamba kugulira anthu oti ngakhale nkhope zawo sindingazikumbukire, ndipo tsiku lachinayi ndinadzuka m'ngalande kufupi ndi mtsinje wa Nasolo ndilibe nsapato, ndilibe foni, m'thumba muli chivindikiro cha botolo chokha.

Ndinkayembekeza kukalipidwa kapena kuthamangitsidwa pakhomo. Amayi sanakweze mawu. Anali atapita kale kwa akatapila, ndipo inu a mumsika mukudziwa tanthauzo lake popanda ine kufotokoza. Anangondiyang'ana n'kunena kuti: "Iwe, bola ukanadwala matenda oti ndikugoneke pamphasa ndizikuphikira phala. Awawa sindikudziwa kasamalidwe kake."

Kunena zoona nanenso sindinkawadziwa.

Mowa ndinauyamba mu 2014 ndili Folomu 2, nthawi ya masacheti. Amene munalipo mukukumbuka: timapepala tija tinkakoleka m'maokala pafupi ndi masiwiti, mtengo wake wofanana ndi wa zitumbuwa, ndipo tinkakwana bwinobwino m'thumba la yunifolomu ngakhale m'sokosi. Anzathu a ku Zambia, omwe ankatitcha tujilijili, anatiletsa mu 2012. Kwathu kuno boma linaletsa mu 2015, koma ludzu silimva lamulo. Masacheti atachoka kunabwera timabotolo ta midoli, ndipo kachasu sanasamuke n'komwe. Ife a ku Ndirande timaseka kuti tinabadwira pakhomo pa fakitale ya mowa, poti ija ya Carlsberg inatsegulidwa pa Makata pompa mu 1968, yoyamba kumangidwa kunja kwa dziko la Denmark. Koma girini sanali wa thumba langa. Wanga unali uja wa mutu, woyamba kudontha, woti ukathira pamoto umayaka.

Nditalemba Folomu 4 n'kuyamba kulemba nkhani zogulitsa kwa akonzi, zinthu zinafika poipa. Ntchito yathuyi ilibe belu. Palibe bwana wokununkhiza m'kamwa m'mawa. Ukapita ku msonkhano wa atolankhani n'kulandira kaenvulopu ka thiransipoti, pofika 11 koloko uli kale pa shabini ukuti ukusaka nkhani. Ndipo nkhanizo zimapezekadi kumeneko, ndiye bodza lako limakhala ndi umboni.

Chitini chija chitachitika ndinayesa zonse zimene mukudziwa. Ndinalumbira pamaso pa amalume. Azakhali anga anabwera ndi mankhwala a kwa sing'anga oti akathiridwa m'ndiwo munthu amanyansidwa ndi mowa. Ndinasanza usiku wonse, m'mawa n'kupita kukatsuka m'kamwa ndi kachasu. Ndinapemphereredwa katatu. Pemphero sindikulinyoza ayi, lero lomwe ndimapemphera. Koma Lamlungu ankandisanjika manja, Lolemba abusa ali kwawo, ine ndili ndekha ndi manja onjenjemera.

Kenako mu Sepitembala ndinati ndisiye mwachimuna, kamodzin'kamodzi. Ndinadzitsekera m'chipinda. Apa ndikupemphani mumvetsere, chifukwa ndikanafa. Tsiku loyamba kunali kunjenjemera, thukuta ndi mseru. Usiku wachiwiri ndinayamba kuona mphemvu zikutuluka m'khoma n'kumandikwera m'mikono, ndikumva anthu akundiitana padenga. Tsiku lachitatu akuti ndinagwa n'kuyamba kuphupha ngati wa khunyu. Anthu oyandikana nafe anati zalowa ufiti, ena anati amayi andilodza chifukwa cha ndalama zija. Mwamwayi mlongo wanga sanamvere, anaitana galimoto n'kupita nane ku chipatala cha Gulupu.

Kumeneko adokotala anandifotokozera zimene palibe anandiuzapo pa zaka 9 zonse ndikumwa. Mowa umagonetsa ubongo. Ukamamwa tsiku ndi tsiku, ubongo umazolowera kulimbana nawo, ngati munthu wokankha chitseko chimene wina akuchitsekereza kunja. Ndiye ukachotsa mowa mwadzidzidzi, zili ngati wakunja uja wachoka osanena: wokankhayo amagwa chamutu. N'chifukwa chake kunjenjemera kumayamba patangopita maola ochepa, kukomoka kumatha kubwera mkati mwa masiku awiri, ndipo kubwebweta koona zinthu zomwe palibe kumakonda kufika tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Kumapha ndithu. Anandipatsa mankhwala otchedwa diazepam oziziritsa ubongo, amene ankawachepetsa pang'onopang'ono, ndi vitamini B1 yemwe zidakwa zimasowa m'thupi. Choncho ngati muli ndi m'bale amene manja ake sakhazikika m'mawa kufikira atamwa, musamutsekere m'nyumba ati kumuthandiza. Ayambire ku chipatala.

Tsiku londitulutsa, anamwino ena achikulire anandikokera pambali. Anati: "Mwana wanga, m'thupimu tachotsamo. Zatenga sabata imodzi. Koma m'mutumo sitinafikemo, ndipo ukatuluka pa getipo mashabini onse ali pomwe unawasiya." Anandiuza kuti amene zawavuta kwambiri amatumizidwa ku chipatala cha Zomba Mental, komanso kuti a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Koma anati kwa munthu wopanda ndalama ngati ine, wokhala mu Blantyre muno, ndifunefune magulu a anthu amene anali zidakwa okhaokha, amene amakumana sabata iliyonse kulimbikitsana. Ndinafunsa kuti amakumana kuti. Anati kawirikawiri amabwereka chipinda pa tchalitchi kapena pa sukulu, ndikafunse.

Ndikafunse! Mawu osavuta kunena. Tayesani inuyo kuima pa geti la tchalitchi masana dzuwa likuswa mtengo n'kufunsa alonda kuti: "Pepani bambo, kodi zidakwa zimakumana pano?" Pakamwa pamauma. Ine ndinapeza njira yachinyengo. Ndinatenga kabuku kanga ndi cholembera n'kumanena kuti ndine mtolankhani, ndikulemba nkhani ya anthu amene akulimbana ndi uchidakwa. Anthu amenewo, osati ine.

Ndinayambira ku Zingwangwa. Alonda a pa tchalitchi china anaganiza kwa kanthawi n'kunena kuti akudziwa gulu lotero. Anandiperekeza mwaulemu ndithu mpaka pansi pa mtengo wa mango pamene madoda asanu ndi mmodzi ankasewera bawo, chipanda chikuyenda. Anati: "Si awa, amakumana tsiku lililonse." Ndinaseka nawo, koma fungo lija linandigwira pakhosi moti ndinachoka chothamanga.

Ku Chilomoni ndinayenda kuchokera pa Nthukwa wapansi, n'kupeza kuti gulu linalipodi kale pa sukulu ina, koma mkulu amene ankasunga kiyi anasamukira ku Balaka ndipo anzake anamwazikana. Mayi wosesa pamenepo anati awiri mwa iwo anabwerera ku mowa, mmodzi anaikidwa chaka chatha. Ku Machinjiri ndinauzidwa za msonkhano wa Lachisanu madzulo, ndinafika nthawi yabwino, koma unali wa mneneri wina amene ankati mzimu wa mowa umatuluka ukaponya kaye chopereka cha K20,000. Ine ndinali ndi yobwererera yokha.

Mukumbukire kuti uwu unali mwezi wa Novembala 2023, uja kwacha inagwa ndi 44 pa 100 iliyonse, mitengo ya minibasi n'kukwera usiku umodzi. Ulendo uliwonse wopita pachabe unali nsima ya tsiku limenelo. Ndipo mawu ena ankandinong'oneza kuti waona, wayesa, kulibe, ndiye vuto si lako, kamwe. Chodabwitsa ndi ichi abale: mu Ndirande ngakhale mwana wa Sitandade 1 angakulozereni kumene kuli kachasu wabwino, koma wokulozerani kosiyira mowa ndinamusaka milungu 7. Boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa mu 2017, zabwino zake, koma pepala silikuperekeza munthu pa geti.

Amene anandipulumutsa anali wansembe wina amene ndinamufikira ndi bodza langa lomwe lija. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kuyang'ana manja anga, n'kulemba nambala ya foni pa kapepala. Anati: "Nkhani yanuyo mukailemba, a mtolankhani, mudzandionetse. Koma muyambe mwakhala pansi."

Msonkhano woyamba umene ndinaupeza unali m'tauni, madzulo, ndipo unkachitika m'Chingerezi. Panja panali magalimoto oti ine ndimangowaona m'misewu. Ndinalowa ndi nsapato zanga zafumbi la ku Goliyo, ndinakhala kumbuyo, n'kutsegula kabuku. Bambo wina wa tayi anabwera ndi kapu ya tiyi n'kunena motsitsa: "Achimwene, muno mulibe atolankhani, mulibe mabwana. Tsekani kabukuko. Zomveka muno zimatsala muno." Ndinatseka. Kenako ndinamva bwana wamkulu, woti kunjaku anthu amamuvulira chipewa, akufotokoza mmene ankabisira botolo m'thanki ya chimbudzi kuti akazi ake asalione. Ine langa ndinkabisa m'thumba la makala. Ndinadabwa kuti kusiyana kwathu kunali thanki ndi makala basi.

Komabe Chingerezi changa n'cholembera nkhani, si cholirira. Nditawauza zimenezi potuluka, bambo wa tayi uja anati ku Bangwe kuli anzawo amene amakumana Loweruka masana m'Chichewa, ndipo anaimba foni pomwepo kuwauza kuti ayembekezere mlendo.

Loweruka ndinakwera minibasi kawiri, Ndirande mpaka Limbe, Limbe mpaka Bangwe. Chinali chipinda cha sukulu ya mkaka, makoma ali ndi zithunzi za njovu ndi zilembo za a, e, i, o, u, ndipo madoda a ndevu atapanikizika pa timipando ta ana. Analipo amuna 7 ndi amayi awiri. Wina woyendetsa kabaza, wina mphunzitsi wopuma, wina wogulitsa kaunjika. Amene ankatsogolera tsiku limenelo anali madala ena okhoma zidebe ndi mbaula, zala zawo zili ndi zipsera za malata. Aliyense ankayamba ndi dzina lake loyamba lokha, n'kuvomera ndi pakamwa pake kuti ndi chidakwa, kenako n'kunena za sabata yake. Palibe womudula mawu, palibe womulalikira, palibe womuuza kuti ukanatere. Akamaliza onse amangothokoza, wina n'kuyamba.

Mmodzi mwa amayi aja ndi amene anandithyola. Amagulitsa tomato. Anafotokoza mmene ankabisira mdoli pansi pa dengu, akumamwa pang'onopang'ono m'botolo la madzi kuti anzake a pa benchi asadziwe, mpaka tsiku lina anagona pamalonda ana n'kumutolera ndalama zonse. Anati mwamuna akaledzera anthu amaseka, mkazi akaledzera amamulavulira, ndiye iye anabisa zaka 11. Tsiku limenelo anali atakwanitsa miyezi 14 osalawa. Anzake anaomba m'manja ngati wapambana chisankho.

Itafika nthawi yanga ndinali nditakonza mawu okoma a mtolankhani. Sanatuluke. Chimene chinatuluka chinali nkhani ya chitini. Ndinayembekeza kuti agwira pakamwa. Wa kabaza anangogwedeza mutu, ndipo pambuyo pake anandiuza kuti iye anagulitsa malata a nyumba ya agogo ake mvula ili pafupi.

Madala a zidebe aja ndi amene anandifotokozera chiyambi cha zonsezi, ndipo pambuyo pake ndinakawerenga ndekha n'kupeza kuti sananame. Njira imeneyi ndi ya gulu lotchedwa Alcoholics Anonymous, mwachidule AA, kutanthauza zidakwa zosaululana maina. Linayamba mu 1935 ku Akron, m'chigawo cha Ohio ku America. Munthu wina wa bizinesi wa ku New York, Bill Wilson, amene anali atasiya mowa miyezi ingapo, anapita ku Akron pa za malonda ndipo malondawo anamukanika. Mukudziwa inu mmene mtima umachitira katundu akakuwolera. Ali pa hotela, bala ili poteropo, anazindikira kuti akapanda kupeza chidakwa chinzake choti acheze nacho amwa basi. Anayamba kuimba mafoni ku matchalitchi, mpaka anamulumikiza ndi dokotala wina wa maopaleshoni, Bob Smith, amene mowa unali utamumaliza. Dokotalayo anavomera kucheza mphindi 15 zokha, koma anakhala maola ambirimbiri. Tsiku limene dokotalayu anamwa komaliza, pa 10 Juni 1935, ndi limene amaliwerenga ngati tsiku lobadwa la gululi. Mu 1939 anasindikiza buku lofotokoza masitepe awo 12, ndipo mu 1951 mkazi wa Bill, Lois, anathandiza kuyambitsa gulu lina, Al-Anon, la akazi, amuna ndi abale a zidakwa, poti nawonso amadwala nawo. Nditamva kuti ngakhale woyambitsayo anayamba ndi kufunsa m'matchalitchi ngati ine, manyazi a pa geti aja anachepako.

Malamulo ake ndi ochepa. Kulowa n'kwaulere, chofunika n'chakuti ukhale wofuna kusiya. Mbale imayenda yogulira shuga ndi kuthokozera eni chipinda, amene alibe amangoipatsira mnzake. Salandira ndalama za mabungwe kapena andale. Safunsa mpingo wako. Ku Bangwe timakhala Akatolika, a CCAP, Asilamu awiri ndi mmodzi amene amati iye za Mulungu akadaganiza. Ndipo salumbiritsa munthu kuti sadzamwanso mpaka imfa. Amati za mawa zisiye, lero lokha usamwe. Poyamba ndinaona ngati zachibwana. Koma inu amene mumadya za tsiku lomwelo mukumvetsa kuposa ine: palibe amene amagulitsa tomato wa chaka chonse, umagulitsa wa lero.

Ena adzafunsa kuti kodi kungokhala pa timipando n'kumacheza kungachiritse munthu? Nanenso ndinafunsa. Mu 2020 akatswiri a bungwe la Cochrane anaunika kafukufuku 27 wokhudza anthu oposa 10,000, ndipo anapeza kuti pothandiza munthu kusiyiratu mowa, njira imeneyi imafanana kapena kuposa uphungu wina wa akatswiri. Koma sindikunamizani kuti imagwira aliyense. Mwa anthu 9 amene ndinawapeza tsiku loyamba, atatu sitikuwaonanso. Chimene ndaona ine n'chakuti chidakwa chimatha kunamiza mayi ake, abusa ndi dokotala, koma chidakwa chinzake ayi. Bodza lililonse limene ungaliyambe, wina m'chipindamo analinenapo kale, mwinanso mwaluso kuposa iwe.

Madala a zidebe anavomera kukhala siponsa wanga, ndiye kuti mnzako wakale m'gulumo amene umamuimbira zikakuvuta. Anandipatsa lamulo limodzi: "Mphwanga, uziimba usanamwe. Ukaimba utamwa ndidzakuyankhabe, koma ndi kuwononga mayunitsi."

Ndinayenda bwino miyezi inayi. Kenako mu Epulo 2024 ndinapita ku maliro a mnzanga wa ku sukulu, ndipo usiku pa moto wa kusiwa botolo linayenda. Ndinati kamodzi kokha kotenthetsa m'thupi. Ndinazindikira patapita masiku atatu. Foni ndinali nayo m'thumba nthawi yonseyo, sindinaimbe. Mwezi womwewo ndi umene anthu angapo anafa mu Blantyre muno atamwa mowa uja wotchedwa Ambuye Ntengeni, ndipo mlongo wanga atamva pa wailesi ine ndisanabwere kunyumba, anayamba kufunsa ku chipatala ngati ndili m'gulu la ogonekedwa. Sindinali. Koma kunena zoona, masiku atatu amenewo ndikanapatsidwa chilichonse cha m'botolo ndikanamwa osafunsa dzina.

Loweruka lotsatira ndinafika pa Limbe n'kuima pa siteji ya Bangwe pafupifupi ola lathunthu, minibasi zikudzaza n'kumapita. Kubwerera kunali kowawa kuposa kupita koyamba. Nditalowa ndinapeza kampando kanga kalipo. Madala anangoti: "Wabwera. Lero ndi tsiku loyamba, tiyambirenso kuwerenga." Panalibe mlandu. Anandifunsa chabe kuti pa maliro otsatira ndidzakhala pati, ndipo tinagwirizana kuti ndizikhala kumene kuli amayi a kwaya kapena ndizithandiza okumba manda m'mawa, osati pa moto wa usiku. Kuyambira pa 20 Epulo 2024 sindinalawe.

Mwa masitepe 12 aja, awiri amakamba zolemba maina a anthu onse amene unawalakwira n'kukakonza pamene ungathe. Dzina loyamba pa pepala langa mukulidziwa. Ndinauza madala kuti ndikufuna kubweza K210,000 ija. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati: "Iwe sunabe makwacha, unaba usipa. Ndalama imene ija lero ingagule usipa womwe uja? Pita ukafunse amayi ako kuti inali ndowa zingati, ubweze ndowa." Munthu wosapita patali ndi sukulu, koma masamu ake anandigonetsa ndi mutu. Anawonjezanso kuti chiwongoladzanja cha akatapila aja nachonso ndi changa.

Ndinapita kwa amayi ndi kope la masamu la ana a sukulu. Anawerengera okha, sanandichotsere ngakhale kambale kamodzi, ndipo ndinawalemekeza chifukwa cha chimenecho. Tsopano ndikalipidwa nkhani, ndisanafike kunyumba ndimadzera kumsika, ndimapereka, iwo amalemba ndi dzanja lawo. Kaenvulopu ka thiransipoti nakonso kamathera m'kope momwemo.

Vuto limene linatsala linali la mtunda. Ndirande mpaka Bangwe ndi minibasi zinayi kupita ndi kubwera, ndipo Loweruka ndi tsiku la malonda. Ndinadziwa anyamata awiri a mumsika mwathu, wina wonyamula katundu pa wilibala, wina wokazinga tchipisi pa chiwaya, amene ankandifunsa mobisa kuti aise, iwe unatani? Ndikawauza za Bangwe ankati ndani andilonderere chiwaya. Nditadandaula, madala anandiuza kuti mwa mwambo wa gululi, ngakhale zidakwa ziwiri kapena zitatu zikakumana ndi cholinga chosiya mowa, limenelo ndi gulu kale. Sipafunika chilolezo cha kwa DC, sipafunika wapampando wa mpaka muyaya. Zili ngati banki m'khonde kapena chipereganyu chimene mumachita kale, kungoti chimene timasungitsana ndi masiku.

Ndiye chaka chatha tinapempha kachipinda kwa akuluakulu a tchalitchi china mu Ndirande momwemo, Lachiwiri madzulo msika ukatsekedwa. Madala anabwera miyezi iwiri yoyamba kutionetsa kayendetsedwe kake. Tinayamba atatu. Pali Lachiwiri lina limene ndinakhala ndekha ndi fulasiki ya tiyi mpaka mdima, ndipo ndinatsala pang'ono kubweza kiyi, koma ndinakumbukira mayi wosesa wa ku Chilomoni uja. Masiku ano timakhala pakati pa asanu ndi 8. Dzina la tchalitchilo sindilemba pano, chifukwa ndikudziwa Ndirande wanga: Lachiwiri likubwerali pangadzadze anthu pa geti odzaona kuti akulowa ndani.

Koma amene mukufunadi simusowa njira, ndipo musataye milungu 7 ngati ine. Yambirani ku chipatala cha m'dera lanu, mufunse anamwino kapena adokotala oona za matenda a maganizo. Muwauze zoona za kuchuluka kwa mowa umene mumamwa, osachotsera theka monga timachitira tonse. Funsani wansembe, abusa kapena shehe, osati alonda a pa geti. Mukapatsidwa nambala imbani musananyamuke, chifukwa magulu amenewa amasamuka ndipo ena amafa. Mukapeza oti akufuna ndalama kaye musanakhale pansi, amenewo si amene ndikunena. Ndipo mukapita ulendo woyamba n'kuona ngati simukukwanamo, monga ndinachitira ine m'tauni muja, funsani omwewo kuti kwina n'kuti, amadziwana. Inu amayi ndi akazi a zidakwa, kumukoka munthu pa dzanja sikuthandiza kwenikweni, koma kapepala ka nambala mutha kumusiyira pamene angakaone m'mawa matsire akumuwawa, poti ndi nthawi yokhayo imene timamva.

Sabata yatha ndinadzera pa benchi ya amayi ndi ndalama ya nkhani ziwiri. Anatulutsa kope, ananyowetsa chala, analemba, n'kunena kuti zatsala ndowa zitatu. Kenako anandiyorera usipa wodzaza dzanja m'kapepala kuti ndikapatse mlongo wanga aphike. Ndinafunsa ngati umenewo ulowenso m'kope. Anati ayi, umenewo ndi wa pakhomo. Chitini chija mpaka lero chimagona kwa anzawo a pa benchi yoyandikana nayo, ndipo sindinafunsepo kuti chidzabwerera liti kunyumba.